Ndalama ya Yohane Ndinaitsuka ndi Phulusa

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaima pano mtima uli m'malo. Ambiri mumandidziwa. Ndine amake Yohane, a kuseri kwa sukulu kuno ku Mbulumbuzi. Ena munamva mbiri yanga pamjigo. Lero muimve pakamwa panga.

Ambuye anandipatsa ana aamuna awiri, Yohane ndi Fanuel. Bambo awo anatisiya kalekale. Tinkalima chimanga ndi nandolo, tinkadya, tinkapemphera. Pakhomo panga sipankasowa ana a eni ake. Mango akapsa, bwalo lonse phokoso. Mnansi wanga, amake Chisomo, ankabwera m'mawa uliwonse kudzapala moto, ndipo moto unkazima pachiphale iwo akadali kucheza.

Yohane anapita ku Joni kukagwira ntchito yosamalira maluwa. Anakhalako zaka ndithu. Kenako anadwala, ndipo matendawo sanachedwe. Anamwalira. Ndalama zobweretsera thupi sizinapezeke, choncho anzake anamuika konko. Abale anga, mwana amene ndinamusambitsa ali wakhanda sindinamuone nkhope. Sindinaponye dothi. Sindidziwa ngakhale mtengo umene uli pafupi ndi manda ake.

Patapita nthawi, mnzake wina anabwera ndi chikwama. Munali malaya, nsapato, ndi kabokosi koonekera ngati galasi. M'kati mwake munali ndalama imodzi yasiliva, yaikulu, yowala moti umadziona nkhope. Mnyamatayo anati, “Amayi, iyi si yogulira sopo. Ndi yatsopano, anapanga zochepa, ndipo alipo anthu amene amazisonkhanitsa. Yohane anaigula nati ndi ya amayi, chifukwa mtengo wake umakwera.”

Ine za mtengozo sizinandilowe m'khutu. Ndinangoona kuti manja a mwana wanga anagwirapo. Ndinaikulunga m'kansalu n'kuika pansi pa zovala.

Koma Fanuel anamva. Mwana wanga amapalasa kabaza, ndipo mawondo anayamba kale kumuvuta. Anaijambula pafoni, nayamba kufufuza. Sabata iliyonse ankabwera maso ali gwa. “Amayi, yakweranso! Tikaigulitsa ndipeza poyambira njinga yamoto.” Ine ndinkati, “Iwe Fanuel, mkulu wako alibe manda kuno. Manda ake ndi amenewa. Ndigulitse manda?” Ankatuluka osatsanzika.

Anauza anzake pa siteji ya kabaza, osaganiza choipa. Nkhani inayenda. Pochoka pa siteji inali njinga yamoto. Pofika pamsika inali galimoto. Pofika pamjigo inali nyumba ya malata ndi chigayo. Ndiye munthu wina anafunsa funso limene linandipha ndili moyo: “Mwana wafa, thupi silinaoneke, chuma chafika. Kodi amayiwa sanakhwimire mwana wawo?”

Mtengo wa ndalama ija ukamakwera, dzina langa linkatsika. Ukamakwera, dzina langa linkatsika!

Mango anapsa chaka chimenecho, n'kuolera pansi. Panalibe mwana wotola. Amake Chisomo anayamba kukapala moto kutsidya kwa msewu. Tsiku lina kamdzukulu kawo kanathamangira kwa ine, ndinakapatsa mbatata yootcha. Agogo akewo anakakuwira ali patali: “Taya! Taya msanga!” Mwana anataya, nkhuku zinadya. Muno m'tchalitchi momwe, ndikakhala pabenchi, malo a mbali zonse ziwiri ankatsala. Sindikunena izi kuti wina achite manyazi. Mantha ndi matenda, ndipo amagwira ndi opemphera omwe. Koma ndinamva anyamata ena akunena kuti nyumba ngati yanga imafunika machesi. Ndinadziwa kuti mudzi umene ndinabadwiramo ukhoza kundilavula.

Ndinalira kwa Mulungu. Ndinati, “Atate, Inu mumaona m'mimba mwa munthu. Mwanditengera mwana, ndavomera. Kodi munditengerenso anthu?” Kumwamba kunali zii.

M'masiku amenewo ndinkatsegula kabokosi kaja n'kumaigwira ndalamayo m'manja. Ndinkaiyika patsaya. Misozi inkagwerapo, thukuta linkagwerapo. Tsiku lina masana ndinaona kuti yayamba kuda m'mbali. Mtima unandipweteka. Ndinati chinthu cha mwana wanga chisade ine ndilipo. Ndinachita zimene mayi aliyense wa kuno amachita ndi poto wakuda. Ndinatapa phulusa, ndinatenga chitsononkho ndi kamchenga pang'ono, ndinakhala pakhonde n'kuitsuka. Ndinaikwecha mbali zonse, ndikuimba nyimbo imene ndinkamuimbira Yohane pomusambitsa. Inayera mbee. Ndinaibwezera m'kabokosi.

Sabata yomweyo ndinatopa nazo. Ndinamuitana Fanuel. “Tiye tikaigulitse. Mwina ikachoka, anthu abwerera.”

Tinakwera minibasi mpaka ku Limbe, kwa bambo wina wogula zinthu zoterezi. Anaika kagalasi padiso, nayang'ana, nayang'ananso. Kenako anagwira kumutu.

“Amayi, mwaitani ndalamayi?”

“Ndinaitsuka, bambo. Inada.”

“Ndi chiyani?”

“Ndi phulusa.”

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka ataona nkhope yanga analeka. Anati, “Pepani, amayi. Anthu osonkhanitsa amafuna imene sinakhudzidwe ndi chala chomwe. Iyi yakalikakalika paliponse. Mtengo umene ukukwerawo si wa iyi ayi. Ndingokupatsani za kulemera kwa siliva basi.”

Tili panja, Fanuel anandikalipira pakati pa anthu. “Amayi, mwatsuka njinga yanga! Ndani anakutumani? Ndi poto ameneyu?” Ndinamuyankha kuti, “Mwanawe, mkulu wako anadwala, sindinamupukute thukuta. Anafa, sindinamuone. Chinatsala n'chimenechi. Ndikanasamalira chiyani?” Kenako Fanuel, mwamuna wamkulu wa ndevu zake, anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kulira mokweza. Abale, chimwalirire mkulu wake, Fanuel anali asanalirepo. Anali wotanganidwa ndi mtengo.

Tinabwerera m'sitolo muja, tinalandira zochepazo. Fanuel yemweyo ndi amene anati, “Tigule simenti.”

Tamvani tsono mmene Mulungu amagwirira ntchito. Pa siteji pomwe panayambira nkhani ya chuma, panayambiranso nkhani ya phulusa. Mudzi wonse unaseka. “Amake Yohane atsuka galimoto ndi chitsononkho!” Ankaseka pamsika, ankaseka pamjigo. Ndipo wina anati, “Wokhwima wake uti wosadziwa n'chuma chake chomwe?” Basi. Bodza lija linafera m'phwete. Ine ndinapempha Mulungu kuti atumize mngelo wondiyeretsa. Iye anatumiza phulusa la pamafuwa anga. Aleluya!

Ndikuuzeni, kusekedwa n'kopepuka kuposa kuopedwa. Munthu amene akukuseka amayandikira.

Fanuel anaumba njerwa, namanga kachiliza kakang'ono pambali pa manda a bambo ake. Analemba ndi msomali simenti isanaume: Yohane. Pansi pake palibe thupi, koma dzina lili kwawo. Tsiku lopempherera, ndinkayembekeza anthu owerengeka. Munabwera ambiri, ena muli muno. Zikomo.

M'Mawu a Mulungu muli mayi uja amene anasesa nyumba kufunafuna ndalama yake yasiliva, ndipo ataipeza anaitana anansi kuti akondwere naye. Ine zanga zinayenda chobwerera. Ndalama ndinaitaya, koma anansi ndinawapeza.

Lero ndilibe galimoto. Fanuel akupalasabe kabaza, mawondo akumupwetekabe, mumukumbukire m'mapemphero. Akuti ndalama zija zikukwerabe mtengo. Zikwere. Mwana wanga ndimamusowa tsiku lililonse, ndipo chimenecho sichinathe. Koma ndimagona osaopa machesi, ndipo pabenchi timapanikizana.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinamva, “Odi kuno!” Anali amake Chisomo, chiphale chili m'manja, maso ali pansi. Anati, “Moto wandizimira, anzanga.” Kwawo utsi unali kufuka, ndinkauona ndi maso angawa. Ndinawapalira makala, ndinawayalira mphasa. Tinakhala. Motowo unazimira pachiphale.

Ambuye alemekezeke. Amen.