Ndinasamukira m'chigafa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, enanu mukundidziwa. Ndinali kapitawo pa esiteti ya fodya kufupi ndi Santhe. Ndikakhosomola, matenanti ankabalalika. Pakamwa panga panali moto, ndipo ndinkanyada nazo.

Kenako ndinayamba kuona magazi ndikapita kuchimbudzi. Ndinabisa chaka chathunthu. Ku Lilongwe anati ndi khansa ya m'matumbo. Anadula mbali yoonongekayo, n'kundiikira thumba pamimba loti chimbudzi chizigweramo.

Ndinabwera wamoyo. Anthu ankati, "Mulungu ndi wamkulu!" Ine chimwemwe ndinalibe.

Ndinachoka kuchipinda n'kukayala mphasa m'chigafa. Mkazi wanga NaPhiri ndinamuuza kuti ndikulondera fodya. Fodya wake uti, nsichi zokhazokha! Akabweretsa madzi osamba ndinkamukalipira. Akafunsa za m'thupi ndinkati, "Ukufuna ndife?" Miyezi isanu ndi iwiri. Ine ndinkangoti ndapsa mtima.

Mayi uja anatopa. Anamanga katundu wake, n'kuitana ankhoswe kuti amuperekeze kwawo. Tinakhala pakhonde masana. Amalume anga anati, "Iwe, mkaziyu wakulakwira chiyani? Nena, timve."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe monga kale. Mawu anakana. Mumtima ndinangoti, Yesu, ndithandizeni. Zimene zinatuluka ndinadabwa nazo ndekha.

"Ndikuopa. Ndikuopa kuti ndikununkha. Ndikuopa kuti nthenda ibweranso."

Ndinalira ngati mwana, pamaso pa alamu anga.

NaPhiri anati, "A Banda, masiku aja munali chikomokere m'chipatala, thumbalo ankakhuthula ndani? Ine ndimayesa mwandida."

Abale, miyezi yonse ija mkazi wanga ankadzifunsa chimene walakwa. Anaonda kuposa ine wodwalane. Anamasula katundu tsiku lomwelo, koma miyezi imeneyo sindingamubwezere. Zimandiwawa mpaka lero.

Thumba ndikadali nalo, lili pansi pa jekete yomweyi. Tsiku lokaonana ndi adokotala likayandikira, mantha amabwerabe. Koma tsopano ndimawatchula dzina. Ndimati, "NaPhiri, lero ndili ndi mantha," ndiye timagwada tonse awiri.

Alemekezeke Ambuye amene anamasula lilime langa katundu uja asanatuluke pakhomo.

Inu bambo amene mukulusa kunyumba pamene mumtima mukunjenjemera, bwerani kwa Yesu. Mukatuluka muno, kauzeni mayi chimene chikukudyani. Mwina akhala akulira poganiza kuti olakwa ndi iwo.