Mdzukulu Wanga Amene Anauzidwa Kukhala Chete

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni, inu amene muli kuno kumudzi ndi inu amene mukuwerenga muli kunja kwa dziko. Ine ndine bambo wamasiye wa kuno ku Domasi, dera la Malemia. Kuyankhula pagulu sindinazolowere, koma kubisa zimene Mulungu anandichitira pa mdzukulu wanga Thandi kungakhale kusayamika. Mwana ameneyu ndinatsala pang'ono kumutaya ali moyo.

Mkazi wanga Esinati atamwalira, ndinatsala ndi mwana mmodzi, Takondwa. Sukulu anamaliza bwino koma ntchito sinapezeke, ndipo atatopa ndi kugulitsa tomato pa Songani anandiuza kuti akupita ku Joni. Sindinamuletse. Kumeneko anapeza ntchito ya m'nyumba, nabereka Thandi, bambo wa mwanayo n'kusowa. Pa foni ankandiuza zodabwitsa: madzi otentha otuluka pampopi, buledi wa tsiku lililonse, agalu okhala ndi dokotala wawo. Malata a nyumba ino ndi thukuta lake. Chimene sankandiuza n'chakuti analibe mapepala, ndipo akadwala ankaopa kupita kuchipatala. Pamene anzake anamutengera kumeneko, nthawi inali itatha kale.

Amalawi anzake anasonkherana, thupi linabwera pa thirela. Thandi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakhala kutsogolo m'galimoto atakumbatira kachikwama kake, ndipo anamuuza kuti kumbuyoko kuli katundu. Ifenso tinachita monga timachitira kwathu kuno. Tsiku la maliro amayi a m'mudzi anamutengera kunyumba ina kuti asaone bokosi, namuuza kuti amayi ake ali pa ulendo.

Kuyambira pamenepo mwanayo sanatulutse mawu. Ankadya pang'ono ngati mbalame. Chimbudzi chokumba ankachiopa, mdima ankauopa, ndipo masana dzuwa likuswa mtengo ankatseka chitseko n'kukhoma mpiringidzo. Munthu akati odi, iye ankalowa pansi pa bedi. Kuchipatala anati makutu ndi lilime zili bwino. Ena m'mudzi ankati amangodziwa Chizulu, ena ankanong'ona kuti mzimu wa mayi ake ukumuitana. Sindinakangane ndi aliyense. Ndinkangoona manja ake akuonderaonderabe.

Kenako anabwera alamu anga a Likoswe, mlongo wake wa malemu mkazi wanga. Ine pano ndine mkamwini, mwini mbumba ndi iwowo. Anandiuza mwaulemu kuti mayi wina wa mpingo wa Takondwa ku Joni wavomera kumulera mwanayo, ndipo woyendetsa galimoto amene anabweretsa maliro uja akubwerera kumapeto kwa mwezi, akhoza kupita naye. Anati kumeneko kuli sukulu za madesiki ndi chakudya chimene anazolowera, pamene kuno timuika m'manda tikuona. Sanali kunena zoipa. Ndinayang'ana nyumba yanga, mjigo uli kutali, nyali ya batire, ndipo ndinavomera.

Madzulo ake ndinapita kudimba, koma khasu silinagwire ntchito. Ndinagwada pakati pa mizere n'kunena kuti, Ambuye, mwatenga mkazi, mwatenga mwana, sindinakufunseni chifukwa. Uyu ngati apite, apite, koma ndimveko mawu ake kamodzi kokha, ndidziwe chimene chikumudya.

Patangotsala masiku ochepa ndinapita naye pa Songani kukamugulira nsapato za pa ulendo. Pamenepo pali mayi wina wachisilamu wogulitsa mandasi, Abiti Juma, amene anabwezedwa kuchokera ku Joni ndi bulangete limodzi lokha, ndipo anthu ankamuseka kuti anapita kukaona misewu. Anationa mwanayo atabisala kumbuyo kwa mwendo wanga, nandifunsa ngati ndi wa malemu uja. Kenako anagwada pafumbi n'kuyamba kumuyankhula m'Chizulu, motsitsa mawu. Ndinaona milomo ya Thandi ikugwedera. Ananong'onezana nthawi yaitali, mandasi akupserera m'chiwaya, ndipo mayiyo atadzuka misozi inali mbwembwembwe.

"Bambo, mwanayu Chichewa amachidziwa bwinobwino," anatero. "Mayi ake anamulangiza kuti chimenechi n'cha m'nyumba mokha, awiriwiri, chitseko chili chotseka. Panja anthu akachimva adziwa kuti ndi alendo, awatenga amayi. Nanenso anga ndinkawauza zomwezo."

Anapitiriza kundiuza kuti tsiku lina ali m'minibasi kumeneko, Thandi anaiwala n'kunena kuti amayi ndili ndi njala, anthu n'kutembenuka. Pasanapite nthawi amayi ake anatengedwa m'nyumba osabwereranso. Mwanayo ankakhulupirira kuti ndi pakamwa pake pamene panawagwiritsa, ndipo akakhala chete ndithu adzawabweza.

Ndinakhala pansi pomwepo. Ife tinkati tikumuteteza pomubisira maliro, osadziwa kuti tamusiya yekha ndi katundu wolemera chotere.

Abiti Juma anapukuta maso ndi mpango, natembenukira kumsewu n'kukalipira woitanira minibasi mokweza kuti achotse chigalimoto chakecho chikufukiza utsi pa mandasi. Mnyamatayo anabweza kuti mandasi ake apserera kale. Mayiyo anamuyang'ana Thandi n'kumuuza kuti waona, pano aliyense amayankhula chomwechi, ngakhale apolisi, ndipo palibe wabwera kudzamugwira. Mwanayo anayang'ana uku ndi uku, kudikira. Palibe anabwera.

Ndinakawafotokozera a Likoswe zonsezi. M'mawa mwake iwo omwe anakapempha chilolezo cholowera kumanda, natsogolera njira. Tinaima pa mtumbira watsopano pafupi ndi wa Esinati. Ndinamuuza Thandi zoona zake zonse, kuti amayi ake anadwala, kuti agona pano pambali pa amayi awo, ndipo palibe mawu ake amene anawapha. Anayang'ana dothilo, kenako anandiyang'ana ine.

"Agogo, ndiye kuno ndikhoza kulira mokweza?"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinamva kwa mdzukulu wanga. Ndinamuuza kuti lira, mwanawe, kuno n'kwanu. Analira mpaka anthu a m'minda yapafupi anaimika makasu. A Likoswe analira naye, ndipo pobwerera anati woyendetsa galimotoyo apite yekha.

Sindinena kuti zonse zatha. Thandi amafunsabe za madzi otentha, kusukulu amakhala pansi, ndipo tsiku lina akadzakula mwina nayenso adzafuna kuwoloka malire. Amene akupita sindiwaweruza, chifukwa ndikugona pansi pa malata awo. Ndikungoyamika Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mayi wa chipembedzo china, amene anthu ankati ulendo wake unapita pachabe. Akanapanda kuvutika kumeneko, sakanamumva mdzukulu wanga.

Inu amene mwagwada nthawi yaitali osamva kanthu, musadzuke msanga. Ndipo inu muli kunja, Ambuye akusungeni pamodzi ndi ana anu. Pamene ndikulemba izi chitseko chili chotsegula, ndipo Thandi ali pabwalo, akukangana ndi anzake pa masewera a fulaye, mawu ake akumveka mpaka kumsewu.