Ankasoka Ngodya Yawo Yokha

Malemu alongo angawa anabadwa pa 14 Ogasiti 1952, ali achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panone ndine chitsirizira m'banjamo. Sukulu analekezera sitandade 7, koma singano sanaitaye mpaka tsiku lomaliza.

Mu 1974 anakwatiwa ndi bambo wokonza mawotchi, omwe anatisiya mu 1998.

Mu 1981 alongo angawa anadziwana ndi amayi atatu m'sitolo ya ulusi, ndipo anayiwa anapeza kachipinda kuseri kwa shopu ya kalipentala. Ntchito yawo inali yosoka zithunzi pansalu. Ankayala chinsalu pansi, aliyense n'kukhala pangodya yake, n'kumasoka cholowera mkati osauzana chimene akusoka, mpaka masingano akumane pakati. Uyu mbalame, uyu njinga, uyo mvula, koma zikakumana, ha! munthu unkaiwala kutseka pakamwa. Dzina sankalembapo. Malemu ankati nsalu ya anthu anayi ilibe mwini.

Mu 1993 zinthu zinasokonekera. Mmodzi anamwalira, wina maso anasiya kuona. Wachitatu, amene tinkawatcha Amanzere, anaitanidwa kunja, n'kuyamba kusoka okha ndi kulemba dzina lawo. Anatchuka, sitingakane, tinkawaona m'nyuzipepala. Malemu nsanje analibe. Chinkawawawa n'choti panalibenso wokumana naye pakati.

Komabe m'mawa uliwonse ankapita kukachipinda kaja. Ankayala nsalu, kusoka ngodya yawo yokha, kuipinda, kutenga ina. Abalefe tinalankhula mpaka kukhosi kuuma kuti azimaliza okha poti manja anali nawo, koma makani awo mukuwadziwa. Mu 2010 eni nyumba yoonetsera zaluso anazifuna nsaluzo mmene zinalilimo, ati dzina la malemu likalembedwe pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu. Anakana kwamtuwagalu. Ankati kuomberedwa m'manja uli wekha n'chimodzimodzi kuseka m'nyumba yopanda anthu, ndipo nsaluzo zikudikira eni ngodya zinazo. Ndikapita kukawatenga madzulo ndinkawapeza atakhala pakona, chipinda chonse chili zii, ndipo zinkandimvetsa chisoni.

Anayamba kudwala mtima mu Meyi 2023, ndipo atisiya pa 3 Febuluwale 2024.

Asiya ana awiri, zidzukulu zisanu, ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, oyandikana nawo nyumba, ndi akalipentala amene sanawatulutse m'kachipinda kaja zaka zonsezi. Tikuthokozanso Amanzere, amene afika m'mawa uno kuchokera kutali. Malemu anakudikirani zaka makumi atatu, mayi. Mwapempha nsalu imodzi kuti musoke ngodya yanu, ndipo banja lavomera ndi mtima wonse. Chokhacho, mukadzafika pakati simudzapezapo munthu.

Alongo anga, mwadikira mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.