Chipsera cha Pachala

"Kodi foni ngati iyi amagula pano?"

Anafunsa choncho telala wina ali pamzere wa pashopu ya mafoni. Mayi amene anali kumbuyo kwake anangoti maso dwii padzanja lake.

"Pepani achemwali, chipsera chili pachalacho ndachizindikira. Si inu mumaphunzitsa kusoka kolala pa intaneti, mumangoonetsa manja okha?"

"Ndinali ine. Foniyi ndikugulitsa, tsambalo lithere pomwepo. Chaka chathunthu, wondidinira kamtima ndi mlamu wanga yekha, nayenso chifukwa cha chisoni."

"Ayi, musatero! Ife timaonera tili asanu ndi atatu pafoni imodzi, kuseri kwa msika. Diresi ndavalayi ndasoka ndekha."

Telala anayang'ana kolala ya diresiyo. Inali yopendekeka pang'ono, koma inali kolala ndithu.

"Nanga kamtimako osadinako bwanji?"

"Tinkauzana kuti ukadina amakudula mayunitsi. Timachita kukazemba ndi chala!"

"N'kaulere, mayi inu!"

"Ooo! Ndiye lero tidina. Koma kabwera kamodzi, foni ndi imodzi paja."

Wogula mafoni anatambasula dzanja. "Bweranayoni tiione."

Telala anaiponya m'chikwama. "Thandizani awa. Ine sindigulitsanso."