Chitupa cha Mayi Wamasiye

Pamzere wa ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, bambo wina waimvi anacheukira mayi wachikulire amene anafumbata envelopu.

"Inunso mwadzera chitupa chokhalira m'dziko muno, mayi?"

"Eya, bambo. Andibweza kale katatu."

"Chikusowa n'chiyani?"

"Kalata ya penshoni. Penshoniyo inali ya amuna anga, ine ndinkakhalira m'dzina lawo. Anatisiya mwezi wathawu."

"Pepani kwambiri. Nanga ana?"

"Sitinakhale nayo mphatso. Akuti kalatayo ikapanda kufika mwezi uno, ndibwerere kwathu."

"Kuli abale kumeneko?"

"Onse anatha, bambo. Ndinachokako ndili mtsikana."

"Ndiye mutani?"

"Kaya. Malemuwo ndinawaika konkuno. Ndikachoka ine, pamanda pawo azikalambulapo ndani?"