Khadi linali m'manda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ndine mayi wamasiye, wothyola tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi kutulutsidwa m'nyumba ya esiteti chifukwa chonamiziridwa kuba.

Linali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, pamene akapitawo anandipeza m'munda. "Mayi, tulani dengu, akukufunani ku ofesi."

Chaka chimenecho anali atabweretsa masikelo a batire. Ukapachika tiyi unkalowetsa khadi lako, sikelo n'kusunga nambala. Ku ofesi anandiuza kuti nambala ya amuna anga, amene tinali titawaika kale, ikuyezetsabe tiyi. Ankaganiza kuti ndine ndikugwiritsa ntchito khadi la malemuwo kuti ndizilandira malipiro awo. Anati ndibweretse khadilo pofika Lachisanu, apo ayi ndilongedze.

Khadilo ndinalibe. Kwathu ku Khwethemule munthu timamuika ndi tinthu take, ndipo ine ndinaliika m'thumba la jekete imene tinawaveka. Nditafotokoza, kalaliki wina anaseka. "Ndiye bambowo akuthyola kumandako?"

Mtima sunakhale m'malo. Ndinkamanga mbale m'chitenje, n'kumasula, n'kumanganso. Ana ankandifunsa kuti tikupita kuti. Ndinafika mpaka kwa alamu anga kukapempha kuti tifukule manda, iwo anagwira pakamwa n'kukana. Pobwerera ndinagwada m'tiyi momwemo. Ndinati, Ambuye, munalipo pamene ndinkaika khadi lija, ndiyankhulireni.

Lachinayi ndinakakhala pakhonde la ofesi, osadziwa chimene ndikudikira. Kunafika mayi wina wa ku Blantyre, wa kukampani yogulitsa masikelowo, amene anangobwera kudzasintha mabatire. Anandifunsa chimene ndikulirira, ndinamuuza zonse.

Iye anati, "Amayi, m'sikelomu muli pulogalamu, ndiwo malangizo amene imatsatira. Koma malo ake osungira zinthu ndi ochepa, moti singadzifufuze yokha ngati munthu wayisintha. Dikirani ndione."

Zambiri sindinazimve, sukulu ndinalekera sitandade folo. Ndinangoona akulumikiza masikelo ku kompyuta yake, imodzi imodzi, kuyerekeza za m'katimo ndi pulogalamu yeniyeni. Ine ndinkangoyendayenda panja. Atafika pa sikelo ya gulu lathu anaitana amanijala. Munthu wina anali atachotsa gawo lofunsa khadi, kuti nambala iliyonse izilembedwa ndi zala, ngakhale ya womwalira. Amene anachita zimenezi anapezeka, koma sindimutchula, ndinamusiya m'manja mwa Mulungu.

Amanijala anatuluka okha. "Mayi, pepani. Mawa mubwere ku ntchito."

Ndikuthokoza Yehova amene anatuma munthu wa mabatire pa tsiku limene ndinalibe mboni, ndipo amuna anga anagona osasokonezedwa. Inu amene mukunamiziridwa, musaleke kupemphera, ngakhale umboni wanu uli poti simungathe kuutenga.

Ine ndikuthyolabe tiyi, ndipo ana anga akugona m'nyumba yomwe ija.