Timabotolo Tisanu

— Halo?

— Halo, ababa! Ndi ine, mwana wanu.

— Aa, mayi wanga! Wadzuka bwanji kutaliko?

— Ndadzuka bwino, kaya inu?

— Ife tilipo.

— Amayi ali bwanji?

— Ali bwino, apita kumsika. Kuntchito kukuyenda?

— Kuhotelo ndi komwe kuja, kuchapa nsalu mpaka manja kutuwa. Koma kumeneko kuli zii. Simuli kushopu? Sowo sindikuimva.

— Matabwa akupuma kaye.

— Inu kupumitsa matabwa? Chifuwa chija eti?

— Mayunitsi ako asathere pa chifuwa.

— Ndaika okwanira. Nenani, ababa.

— Anayeza makhololo kuchipatala. Akuti muli zizindikiro za khansa.

— Khansa? Paja munati ekisire inatuluka bwinobwino?

— Inatulukadi bwino. Makina ojambula a sikani nawo sanaone kanthu. Adokotala akuti ilipo m'mapapomu koma yabisala, ikadali yaing'ono.

— Ndiye aipeza bwanji?

— Dzulo analowetsa kachubu ka kamera m'mphunomu mpaka m'mapapo, kunsonga kwake kuli kaburashi. Njira iliyonse ya mpweya ankapalako pang'ono n'kuika m'kabotolo kakekake. Kumanja kumtunda, kumanja kumunsi, kumanzere... Timabotolo tisanu, kalikonse ndi kapepala kake. Kamene kapezeke ndi matendawo, ndiye kuti yabisala komweko.

— Dzulo? Osandiuza ine?

— Ukanangolira pantchito.

— Zinawawa?

— Anapopera mankhwala, kukhosi kunachita dzanzi. Kutsokomola kokha basi. Koma asanayambe, nesi wina anandigwira dzanja. Msinkhu wako ndithu, ndi kayankhulidwe komwe. Ndinamuitana dzina lako kawiri konse. Iye ankangoyankha kuti ee, bambo.

— Ababa inu...

— Zaka zitatu osakuona, mwanawe. Kampando kako kaja ndinakapakanso vanishi. Amako amakapukuta m'mawa uliwonse, koma palibe amene amakhalapo.

— Zotsatira zituluka liti?

— Lachisanu. Akuti akaipeza msanga chonchi, atha kungodula kachigawo kokhako.

— Ndikapempha tchuthi kwa abwana lero lomwe.

— Ayi, usataye ntchito chifukwa cha—

— Akakana ndinyamukabe. Lachisanu tikamvera limodzi.

— Halo? Wati chiyani? Netiweki yayamba kuvuta.

— Ndati ndikubwera, ababa.

— Mawu akudukaduka. Wati ukubwera, kapena ndangomva zomwe mtima ukufuna?

— Ndikubwe—

— Halo? Mayi wanga? Halo?